Momwe Mungasankhire Giya Yoyenera pa Njinga Yodumphira Milu ya Dothi

Dandaulo limene limamveka kawirikawiri kumalo odumphira ndi ili: njinga ndi yabwino, milu ya dothi yaumbidwa bwino, koma pofika pa mulu woyamba liwiro silikwana, tayala lakumbuyo n'kumenya pamwamba pa mulu wotererapo. Ena vuto lawo ndi lina. Akangopalasa kawiri katatu, mapedulo amapepuka, miyendo imangozungulira mwachabe, njinga osawonjezera liwiro. Onsewa nthawi zambiri amadziimba mlandu kuti alibe mphamvu kapena luso, pamene cholakwika chili pa mano a magiya.

Njinga ya dirt jump, yodumphira milu ya dothi, nthawi zambiri imakhala ndi giya imodzi kutsogolo, imodzi kumbuyo. Palibe chosinthira muli paulendo. Chimene mwamanga ndicho mupite nacho pa mulu, ndiye muyenera kusankha moganizira malo amene inuyo mumadumphira, osati potengera manambala a mnzanu amene amayambira pa chitunda pamene inu mumayambira pa malo afulati.

## Zofunika kukhala nazo

- Tepi yoyezera, ya mamita 5 kapena kupitirira
- Choko kapena chikhala cholembera pansi
- Foni kapena pepala lowerengetserapo masamu
- Makiyi a allen ndi sipanala yokwana manati a tayala lakumbuyo
- Chodulira tcheni
- Chain whip (chogwirira giya kuti isazungulire) ndi kiyi yomasulira lockring (mphete yomangira giya yakumbuyo), kapena kiyi yochotsera filiwilo, malinga ndi habu yanu (chitsulo chapakati pa tayala)
- Linki yatheka imodzi (kachidutswa kotalikitsira tcheni pang'ono) ya tcheni cha saizi yanu
- Girizi ndi kansanza
- Njinga ya magiya ambiri ya matayala ofanana ndi anu, ngati mungabwereke
- Helemeti, chifukwa kuyesa kwake ndi kudumpha kwenikweni

## Gawo 1: Werengani mano amene muli nawo

Chongani dzino limodzi ndi choko pa giya yakutsogolo, muwerenge mozungulira mpaka mubwerere pa chizindikirocho. Chitaninso chimodzimodzi kumbuyo. Pa magiya ambiri nambala inadindidwa pa chitsulo, monga 30T kapena 14T, koma dothi ndi mafuta zimaibisa, choncho pukutani kaye.

Lembani manambala awiriwo motere: 30/14. Onaninso kukula kwa tayala m'mbali mwake. Njinga zambiri za dirt jump ndi za mainchesi 26, zina 24.

Chenjezo: musaike zala pakati pa tcheni ndi mano tayala likuzungulira. Tcheni cha giya imodzi chimakhala chokungika, sichibweza chala.

## Gawo 2: Pezani mtunda wa kuzungulira kumodzi kwa mapedulo

Manambala a mano paokha amasocheretsa. Chimene miyendo yanu imamva ndi mtunda umene njinga imayenda mapedulo akazungulira kamodzi. Gawani mano akutsogolo ndi akumbuyo, kenako muchulukitse ndi mtunda umene tayala limayenda likagubuduka kamodzi. Tayala la mainchesi 26 limayenda pafupifupi mamita 2.07, la 24 pafupifupi 1.91, la 20 pafupifupi 1.6.

Pa tayala la 26 zimatuluka pafupifupi motere:

- 32/16 kapena 28/14: mamita 4.15, giya yopepuka
- 25/12: mamita 4.3
- 32/15: mamita 4.4
- 30/14 ndi 28/13: pafupifupi mamita 4.45
- 32/14: mamita 4.75
- 30/13: mamita 4.8, giya yolemera

Sitolo zakunja zimalemba zimenezi m'mainchesi, pochulukitsa ndi kukula kwa tayala. Mwanjira imeneyo 32/16 ndi 52, 30/14 ndi pafupifupi 56, ndipo 30/13 ndi 60. Mukamagula zipangizo pa intaneti ku South Africa kapena ku Britain mudzakumana nawo manambala amenewa.

Poyambira pabwino ndi mamita 4.4, amene ndi mainchesi 55. Sinambala yongopeka. Njinga za BMX za mainchesi 20 zimakonda kumangidwa ndi 25/9 kapena 44/16, ndipo zonse ziwiri zimagwera pomwepo. Ntchito ya BMX ndi ya dirt jump imafanana: kunyamuka msanga uli choimirira, kupeza liwiro pa mtunda waufupi, kenako kusiya kupalasa. Amene ali ndi matayala a 24 afika pa 4.4 ndi 30/13, ndipo 25/11 ili pafupi kwambiri.

Ngati masamu akutopetsani, yezani pansi. Imikani mkono wa pedulo choloza pansi, chongani pamene tayala lakumbuyo lagunda nthaka, kenako kankhirani njinga chambuyo mowongoka. Mapedulo azizungulira okha. Akamaliza kuzungulira kamodzi, chonganinso, muyeze pakati pa zizindikiro ziwirizo. Njira imeneyi ndimaikonda chifukwa imawerengera ndi tayala lenileni limene muli nalo, lonenepa kapena lopyapyala.

Chenjezo: osatengera manambala a njinga ya matayala ena. 25/9 ya BMX mukaiika pa tayala la 26 ikupatsani mamita 5.75, ndipo simunyamuka nayo.

## Gawo 3: Yezani malo amene mumadumphira

Apa ndi pamene chisankho chenicheni chimapangidwira, ndipo ndi pamene anthu ambiri amadumphapo n'kuthamangira kogula.

Pitani kumalo anu ndi tepi. Yezani kuyambira pamene mumaima ponyamuka mpaka patsinde pa mulu woyamba. Pa mtunda umenewo chotsanipo mamita atatu kapena anayi, chifukwa simuyenera kufika pa mulu mukupalasa. Mapedulo ayenera kukhala atagona mofanana, phazi limene mumalidalira lili kutsogolo, mawondo atakonzeka, njinga isanayambe kukwera mulu. Otsalawo ndiwo mamita anu opalasa.

Tiyerekeze kuti njira yanu ndi ya mamita 20 pa malo afulati. Opalasa ndi 16. Ndi 32/16 mapedulo azungulira pafupifupi kanayi. Ndi 30/13 azungulira katatu ndi pang'ono, ndipo kuzungulira koyamba kuthera pongolimbana ndi kulemera kwa giya, njinga ikukwawa. Pa malo otere giya yolemera imakubera liwiro ngakhale pa pepala imaoneka yothamanga. Sankhani pakati pa mamita 4.15 ndi 4.4.

Tsono ngati mumayambira pa chitunda kapena pa nsanja yamatabwa, nkhani yasintha. Kutsetsereka kumakupatsani liwiro musanaponde pedulo, ndipo mukafuna kuwonjezera pang'ono, giya yopepuka sigwira kanthu chifukwa tayala likuthamanga kale kuposa miyendo. Apa mpamene 32/14 kapena 30/13 imagwira ntchito. Taonani manambala: munthu akamazunguliza mapedulo maulendo 120 pa mphindi, 32/16 imamufikitsa pa makilomita pafupifupi 30 pa ola, 30/14 pa 32, ndipo 30/13 pa 34 ndi theka. Ngati chitunda chanu chimakufikitsani kale pafupi ndi 30, giya ya 32/16 yatha ntchito musanafike n'komwe pa mulu.

Onaninso nthaka. Dothi lokandika bwino, losalala ndi louma limathamangitsa. Mchenga ndi fumbi la mwezi wa Okutobala zimagwira matayala, chimodzimodzinso dothi lofewa nthawi ya dzinja. Ngati malo anu amakhala otero miyezi yambiri, tsikirani ku mbali yopepuka.

Pa pump track, kumene liwiro limachokera pokankhira njinga pansi ndi manja ndi miyendo pa tizitunda, giya imangofunika ponyamuka. Chilichonse pakati pa 4.15 ndi 4.45 chikwana, musavutike nazo.

Pali funso lina limene muyenera kuliyankha moona: kodi njingayi mumapalasanso mumsewu popita kumaloko? Ngati ndi ulendo wa makilomita angapo pa tala wafulati, 32/16 imatopetsa chifukwa mumapalasa kwambiri koma osapita patali. Mtima udzafuna giya yolemera. Maganizo anga ndi akuti musapitirire 4.5 pa chifukwa chimenechi chokha. Njingayi inapangidwira milu, ndipo kufika mochedwa ndi mphindi zisanu n'kwabwino kusiyana ndi kuperewera liwiro muli m'malere.

Kwa ongoyamba kumene, komanso ana ndi aliyense wa thupi lopepuka, yambani ndi yopepuka. Imakhululuka mukalakwitsa ponyamuka, ndipo imakuphunzitsani kupeza liwiro pokankha njinga potera m'malo modalira mapedulo.

## Gawo 4: Yesani musanagule

Bwerekani njinga ya magiya ambiri ya matayala a 26. Njinga zoterezi, makamaka za kaunjika, sizisowa m'matauni a ku Malawi ndi ku Zambia. Zambiri zili ndi mano 32 pa giya yapakati kutsogolo, ndipo kumbuyo mupeza 14 ndi 16, kapena 13, 15 ndi 17. Werengani mano kuti mutsimikize.

Ikani pa giya imodzi, muthamange njira yanu kuchokera poyambira, muli choimirira, osasintha giya. Simukufunika kudumpha nayo, ingopatukani musanafike pa mulu. Bwerezani kangapo pa giya iliyonse, mukupumula pakati. Mvetserani zinthu ziwiri: kulemera kwa kuponda koyamba, ndi ngati mapedulo akugwirabe pa kuponda komaliza. Giya yoyenera imakulolani kunyamuka osagwedeza njinga uku ndi uku, ndipo kumapeto mumamvabe kuti phazi likukankha chinthu.

Chenjezo: musayese mutakhala pa chishalo, ndiponso musaweruze ndi ulendo woyamba miyendo ili yatsopano. Giya imene mukusankha iyenera kukutumikiraninso madzulo mutatopa.

## Gawo 5: Onani chimene habu ndi crank yanu zingalandire

Nambala mwaipeza, koma si giya iliyonse ingalowe pa njinga yanu. Kumbuyo kuli mitundu itatu.

Woyamba ndi filiwilo yopota pa mazinga, ngati ya njinga wamba. Pa mazinga a saizi yodziwika, yaing'ono imakhala ya mano 16. Kuti mupeze 13, 14 kapena 15 pamafunika habu ya mazinga ang'onoang'ono a mamilimita 30. Ngati habu yanu ndi ya mazinga aakulu, siyani 16 kumbuyo, musinthe kutsogolo: 34/16 ikupatsani mamita 4.4, ndipo 36/16 pafupifupi 4.7.

Wachiwiri ndi habu ya cassette (mulu wa magiya akumbuyo a njinga yosintha magiya) imene amaikapo giya imodzi ndi mphete zodzazira mpata. Uwu ndi wosavuta, chifukwa magiya a mano 13 mpaka 18 amapezeka ndipo kusintha kwake ndi kwa mphindi zochepa. Gulani giya ya tsinde lotambalala yopangidwira njinga za giya imodzi (single speed). Giya yopyapyala yochotsa pa cassette yakale imadya chitsulo cha habu, ndipo mano ake anasemedwa kuti tcheni chizichokapo mosavuta, chinthu chimene simukuchifuna.

Wachitatu ndi driver ya mtundu wa BMX, imene mano ake ndi thupi limodzi ndi chozungulira cha habu, kawirikawiri 9 mpaka 12. Kusintha mano kumafuna driver ina ya habu yomweyo, ndiye apa n'kwapafupi kusintha kutsogolo.

Kutsogolo, crank (mikono ya mapedulo) ya mabawuti anayi ya 104 BCD, kutanthauza mabawuti okhala pa bwalo lotambalala mamilimita 104, imalandira mano 32 kupita m'mwamba, ngakhale ilipo ya 30 yopangidwa mwapadera. Amene akufuna 25 kapena 28 afunika crank ya mtundu wa BMX kapena ya direct mount, imene giya imamangidwa pa crank penipeni. Pa ya BMX onetsetsani kukula kwa chitsulo chapakati, 19, 22 kapena 24 mamilimita, musanagule.

Kumbukirani kuti dzino limodzi kumbuyo limasintha zambiri kuposa limodzi kutsogolo. Kuchoka pa 14 kupita pa 13 kumalemeretsa giya ndi pafupifupi 8 peresenti, pamene kuchoka pa 30 kupita pa 31 ndi 3 peresenti yokha. Kumbuyo n'kosinthira kwambiri, kutsogolo n'kokonzera pang'ono.

## Gawo 6: Magiya aakulu kapena aang'ono?

32/15 ndi 28/13 zimamveka pafupifupi chimodzimodzi ku miyendo, koma sizikhala mofanana. Zazing'ono zimapepuka ndipo giya yakutsogolo imatalikira nthaka, ndiye simenya mulu mukaperewera. Mtengo wake ndi wakuti tcheni chimakokedwa mwamphamvu ndipo chimagwira mano ochepa, choncho zonse zimatha msanga, makamaka m'fumbi. Ngati mumakhala kumene zipangizo zimachita kuitanitsa kutali, tengani zazikulu, 30/14 kapena 32/15. Zikhalitsa, ndipo zolowa m'malo mwake sizivuta kupeza.

## Gawo 7: Sinthani giya

Masulani manati kapena mabawuti a tayala, likankhireni kutsogolo, chotsani tcheni pa mano, mutulutse tayala.

Pa habu ya cassette, gwirani giya ndi chain whip, mumasulire lockring kumanzere. Musanachotse mphete zodzazira, zijambuleni pa foni kuti mudziwe dongosolo lake. Pakani girizi pang'ono, lowetsani giya yatsopano, mumange lockring mwamphamvu ndithu, pafupifupi 40 Nm ngati muli ndi kiyi yoyeza mphamvu yomangira.

Pa filiwilo, lowetsani kiyi yake, muigwirizize ndi nati ya ekiselo (chitsulo chimene tayala limazungulirapo) kuti isapulumuke, kenako mupotere kumanzere. Imalimba kwambiri chifukwa kupalasa kulikonse kumaimangitsa. Yatsopano ipakeni girizi pa mazinga, muyambe kuipota ndi dzanja. Ikakana pa kuzungulira koyamba, bwezani muyambirenso.

Chenjezo: amakaniko ena amachotsa filiwilo poimenya ndi hamala ndi chitsulo chosongoka. Ngati yakaleyo mukuifunabe, kapena habu yanu ndi ya aluminiyamu, kanani njira imeneyo.

Onaninso kunenepa kwa tcheni. Cha 1/8 chimayenda pa mano a 1/8 ndi a 3/32 omwe. Cha 3/32 sichilowa pa mano a 1/8.

## Gawo 8: Tcheni ndi malo a ekiselo

Kusintha mano kumasuntha tayala, ndipo pa njinga yodumphira mamilimita ochepa amamveka. Tayala likakhala kutsogolo, njinga imanyamula kutsogolo mosavuta ndipo imatembenuka msanga. Likabwerera m'mbuyo imadekha koma imalemera poinyamula.

Manambala oyenera kuwasunga ndi atatu. Dzino limodzi, kulikonse, limasuntha ekiselo ndi mamilimita pafupifupi 3. Linki yathunthu ya tcheni, chidutswa chamkati ndi chakunja pamodzi, imasuntha ndi 12.7. Linki yatheka imasuntha ndi 6 ndi pang'ono. Choncho mukachoka pa 30/14 kupita pa 30/13, tayala libwerera m'mbuyo ndi 3. Mukapita pa 28/13 mwachotsa mano atatu, libwerera ndi 9 kapena 10, ndipo mwina muyenera kuchotsa linki imodzi kuti libwerere pafupi ndi pamene linali. Werengetsani zimenezi musanadule. Tcheni chodula kwambiri chimavuta kulumikiza bwino.

Kenako onani ngati magiya awiriwo ali pa mzere umodzi. Yezani kuchokera pakati pa chitsulo cha felemu chimene chimanyamula chishalo kufika pa mano akutsogolo. Kumbuyo, tengani theka la kutambalala kwa habu, 67.5 pa habu ya mamilimita 135, muchotsepo mtunda wochokera mkati mwa felemu kufika pa mano. Manambala awiriwa asasiyane kupitirira milimita imodzi kapena awiri. Pa habu ya cassette mumakonza posuntha mphete zodzazira.

Pomanga tayala, zungulizani mapedulo pang'onopang'ono mupeze pamene tcheni chimakungika kwambiri, popeza magiya sakhala ozungulira ndendende. Pamenepo chizitha kusuntha m'mwamba ndi pansi pafupifupi sentimita imodzi. Onetsetsani kuti tayala lili pakatikati pa felemu ndipo silikukhudza kutsogolo kwake, siyani mpata wa matope. Ekiselo yonse ikhale mkati mwa mpata wake, osati kunsonga. Ngati felemu yanu ilibe mpata wosunthira tayala, mufunika tensioner, kachipangizo kokungira tcheni.

## Gawo 9: Buleki, kenako mulu waung'ono

Tayala likasuntha, disiki ya buleki yasunthanso. Masulani mabawuti a caliper, mbali ya buleki imene imafinya disiki, muikonze kuti mapadi agwire disiki pamalo ake, finyani buleki, mumange. Pondani pedulo mwamphamvu kangapo pa malo afulati muone ngati tayala silinakokeke kupita mbali ya tcheni. Likakokeka, mangitsani kapena ikani chain tug, kachitsulo kogwira ekiselo kuti isakokeke.

Yambirani pa mulu waung'ono. Giya yatsopano imasintha malo amene phazi lanu limathera, ndiye mwina muyenera kusuntha poyambira ndi mita imodzi kuti mapedulo azigona mofanana pa nthawi yake. Chongani malo atsopanowo pansi. Ipatseni giyayo masiku angapo musanaiweruze.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kuganiza kuti giya yolemera ndiyo liwiro. Ndi zoona pa msewu wautali, monga amadziwira a kabaza akakhala pa malo afulati opanda katundu, koma pa mamita 15 wopambana ndi amene wanyamuka msanga. Ichi ndicho cholakwika chachikulu, ndipo chimagwetsa anthu.

Kusintha kutsogolo ndi kumbuyo nthawi imodzi osawerengetsa. Munthu amachoka pa 32/16 kupita pa 28/14, n'kudabwa kuti palibe chasintha. Zonse ziwiri ndi mamita 4.15.

Kudumpha mano awiri kumbuyo. Kuchoka pa 16 kupita pa 14 ndi kulemeretsa ndi 14 peresenti. Yendani dzino limodzi limodzi.

Kuika giya yatsopano pa tcheni chakutha. Yezani: malinki 12 athunthu a tcheni chatsopano ndi mainchesi 12 ndendende, kapena mamilimita 304.8. Akafika 306 ndi theka, gulani china. Akafika 308, chadya kale mano, ndipo chingadumphe pamene mwaponda ndi mphamvu zonse, bondo n'kukamenya handulo.

Kukunga tcheni ngati chingwe cha gitala. Chimawononga mabeyaringi a habu ndi a crank, ndipo njinga imalemera popalasa. Mukamva kulira kokhala ngati kukukuta pozunguliza mapedulo chambuyo, masulani pang'ono.

Kuimba mlandu giya pa vuto la pakati pa mzere wa milu. Ngati mulu woyamba mumaudumpha bwino koma wachitatu mumaperewera, mano sangakuthandizeni. Pakati pa milu palibe kupalasa. Liwiro likutayika chifukwa mukutera pamwamba pa mulu kapena patali pa fulati m'malo motera pa kutsetsereka kwake, kapena matayala ndi ofewa. Popani mpweya wokwanira malinga ndi malire olembedwa m'mbali mwa tayala, muonenso ngati buleki sikukhudza disiki.

Kutaya giya yakale. Isungeni pamodzi ndi malinki amene munadula. Mukapita kumalo ena a poyambira posiyana, kapena dothi likafewa ndi mvula, mudzaifuna, ndipo pa habu ya cassette kuibwezera sikutenga nthawi.